Oyilo Wonyamula ndi Oyilo Wozunguza: Kutchetcha Udzu ndi Thirakitala Yaing'ono

(Nyimbo yotsegulira, kenaka itsike pang'onopang'ono.)

WOLANKHULA: Mvula yakhazikika tsopano, tsekera ndi nsenjere zafika m'khosi m'mbali mwa misewu ndi m'ngalande, ndipo aliyense amene ali ndi malo aakulu waona kale kuti zikwakwa khumi sizingapikisane ndi udzu umene ukukula usana ndi usiku.

Nkhani yathu lero yachokera pa funso limene amalonda a zipangizo za ulimi amafunsidwa kawirikawiri. Munthu ali ndi thirakitala yaing'ono, ya mphamvu za akavalo 25 kapena kupyolapo pang'ono, imene yakhala ikumtumikira mokhulupirika pokoka ngolo ndi polima dimba. Tsiku lina aona makina otchetchera udzu amene sayendera shafuti monga silasha imene tidaizolowera, koma amayendera oyilo, ali ndi mota yawoyawo ndi mapayipi awiri basi. Ndipo pokumbukira kuti kumbuyo kwa thirakitala yake kulinso timabowo tiwiri tolumikizirapo mapayipi a oyilo, mtima wake umuuza kuti ziwirizi zidapangidwa kuti zikwatirane. Agula, alumikiza, mapayipi alowa bwinobwino ngati adachita kupima. Koma pokankha chogwirira, mipeni izungulira mwaulesi, ikangokhudza tsinde la nsenjere iima, ndipo lisanathe ola chitsulo cha pansi pa mpando chatentha koti dzanja silingakhalepo. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Komatu apa palibe chathyoka, palibenso amene wanama. Cholakwa chagona m'masamu aang'ono amene wogulayo sadawachite asanamasule chikwama.

Kuti timvetse bwino, tiyambe tafunsa chimene oyilo adalowera m'thirakitala. Blaise Pascal, munthu wanzeru wa ku France amene adamwalira m'chaka cha 1662 asanakwanitse zaka 40, ndiye adalongosola kuti madzi otsekeredwa m'chotengera, ukawapanikiza pa malo amodzi, kupanikizako kumafika ponseponse m'chotengeramo mofanana. Joseph Bramah wa ku England adatenga nzeru imeneyi m'chaka cha 1795 napanga makina opsinjira, m'mene dzanja la munthu mmodzi, pokankha kapisitoni kakang'ono kambirimbiri, limadzutsa pisitoni yaikulu yosenza katundu amene amuna ambiri sakadamsuntha. Koma amene adaitengera kumunda ndi Harry Ferguson, mwana wa mlimi wa kumpoto kwa Ireland, amene adasautsika mtima poona mathirakitala a masiku amenewo akuimirira ndi kugwa chagada, napsinja oyendetsa, khasu likakodwa pa mwala kapena pa chitsa. Iye adalembetsa nzeru yake m'chaka cha 1926, adagwirana chanza ndi Henry Ford m'chaka cha 1938, ndipo kuyambira 1946 kathirakitala kake kotuwa, ka TE20, kadayamba kutuluka mu fakitale ya ku Coventry. Mathirakitala ofiira a Massey Ferguson amene tawazolowera kuno ndi zidzukulu za kameneka, ndipo mikono itatu ija yonyamulira khasu kumbuyo, imene tsopano ili pa thirakitala ya mtundu uliwonse, ndi cholowa cha munthu ameneyu.

Tsono taonani: ntchito imene Ferguson adapatsa oyilo inali yokweza khasu kumapeto kwa mzere ndi kulisunga pa muyeso wake polima. Kukweza khasu kumatenga masekondi awiri kapena atatu, kumafuna kupanikiza kwakukulu koma oyilo wochepa, ndipo kukatha pampu imapuma. Kuzunguza mipeni ndi ntchito ya mtundu wina, pakuti oyilo ayenera kuthamanga wochuluka, wopanikizidwa, osaleka, kuyambira m'mawa kufikira dzuwa litapendeka. Kusiyana kwake kuli ngati kwa munthu wokweza thumba la chimanga pa lole, amene amakakamira kamodzi nakhala pansi kudikira lina, ndi mnyamata wa kabaza amene ayenera kupalasa chitunda chonse osatsitsa phazi. Onse awiri ndi amphamvu, koma wina sangalowe m'malo mwa mnzake chifukwa chongoti onse ndi amuna.

Mu oyilo woyenda m'payipi muli zinthu ziwiri zimene tiyenera kuzilekanitsa m'maganizo. Choyamba ndi kupanikiza, kumene amakaniko amati pulesha, ndipo muyeso wake ndi bar. Chachiwiri ndi kuchuluka kwa oyilo amene pampu imatumiza pa mphindi imodzi, ndipo muyeso wake ndi malita. Pulesha ndiyo imalamula ngati mota ingathe kukankha mpeni m'udzu wokhwima osagonja. Malita ndiwo amalamula liwiro limene mpeniwo uzungulire. Mphamvu yeniyeni imabadwa pamene ziwirizi zachulukitsidwa. Amene muli ndi pensulo pafupi, lembani izi: tengani malita a pa mphindi, muwachulukitse ndi pulesha, ndipo chimene mwapeza muchigawe ndi 600, yankho lake ndi makilowati. Ndibwereze: malita, kuchulukitsa ndi bar, kugawa ndi 600. Mukafuna mphamvu za akavalo, onjezerani pa makilowatiwo gawo limodzi mwa magawo atatu a iwo omwe. Ndipo ngati buku la makina anu lidalembedwera a ku America, kumene amayesa ndi magaloni ndi psi, dziwani kuti galoni yawo ndi malita 3.8, ndipo bar imodzi ndi psi 14.5.

Tiyeni tiyese masamuwa pa thirakitala yodziwika. Kampani ya Kubota, ya ku Osaka m'dziko la Japan, idapanga thirakitala yaing'ono yotchedwa L2501, imene injini yake ili ndi mphamvu za akavalo pafupifupi 25. Buku lake limanena kuti mapampu ake onse pamodzi amatumiza malita pafupifupi 31 pa mphindi, ndipo wogula wosachenjera amagwira chiwerengero chimenechi nakondwera. Koma gawo lina la oyilo ameneyu ndi la chiwongolero, ndipo wotsalira zipangizo za kumbuyo ndi wosapitirira malita 20, ndiko kuti ndowa imodzi pa mphindi. Pulesha ya mathirakitala a msinkhu umenewu imakhala pakati pa 150 ndi 190. Tiyerekeze kuti ndi 160. Malita 20 kuchulukitsa ndi 160 ndi 3,200. Kugawa ndi 600, tapeza makilowati 5.3, amene ndi akavalo 7. Pa akavalo 7 amenewa chotsaniponso otayika m'mapayipi, m'mavalavu ndi m'mota momwe, ndipo ofika pa mpeni ndi 5 kapena kupyolako pang'ono. Taonani tsono, thirakitala ya akavalo 25 yapereka 5 okha kudzera pa timabowo tija. Ndipo pasakhale wina wonena kuti vuto ndi kuchepa kwa thirakitala za ku Japan, pakuti Massey Ferguson 135, imene ambiri timaitama chifukwa cha kulimba kwake, pampu yake yonyamulira khasu sifika nayonso malita 20 pa mphindi.

Nanga makina aja amene adakopa mtima wa wogula amafuna zingati? Ambiri a iwo sadapangidwire thirakitala ya kumunda ayi, koma timakina tonyamulira dothi pa malo omangapo nyumba, tonga Bobcat, timene tidabadwira ku North Dakota m'dziko la America cha m'ma 1960. Timakina timeneti ntchito yake yonse ndi ya oyilo, ndipo mapampu ake amatumiza malita 60 mpaka 90 pa pulesha yopyola 200. Chotchetchera chofuna malita 70 pa pulesha ya 200, mwa masamu athu aja, chikufuna makilowati 23, amene ndi akavalo 31. Apa nkhani yatheratu, pakuti akavalo 31 mulibe ndi mu injini momwe. Ngakhale mutaitana mmisiri wochokera kutsidya kwa nyanja, sangakolole pamene sipadafesedwe. Safunsa adadya phula. Funsani wogulitsa malita ndi pulesha zimene makinawo amafuna, ndipo ngati sadziwa, werengani kachitsulo kokhomedwa pa makinawo musanapereke ndalama.

Wina adzati, "Chabwino, mipeni izizungulira pang'onopang'ono, ine sindili pa changu." Bambo wanga, mpeni wa chotchetchera sudula chifukwa cha kuthwa kokha, umadula chifukwa cha liwiro, nsonga yake imathamanga mamita 60 mpaka 90 pa sekondi, ndipo liwiro likachepa udzu umangogona pansi ndi kukulungika pa shafuti. Koma choopsa choposa ndi kutentha. Mipeni ikaima m'udzu pampu siima, ndipo oyilo wosowa kopita amathawira pa valavu yotetezera, imene imatseguka pulesha ikafika pa malire. Pamenepo makilowati 5 onse aja, osagwira ntchito iliyonse, amasanduka moto m'kati mwa oyilo. Oyilo wa hayidiroliki amagwira bwino ntchito akakhala pa madigiri 40 mpaka 60; akapyola 80 amasungunuka ngati madzi, amaleka kuteteza zitsulo kuti zisadyane, ndipo malabala otsekera oyilo amauma ndi kung'aluka. Tsono pa mathirakitala aang'ono ambiri oyilo wa hayidiroliki ndi yemweyo amene amasambitsa magiya ndi mabuleki, kotero kuti munthu amene amafuna kupulumutsa ndalama ya aganyu otchetcha amapezeka akugula giyabokosi. Inu a ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kumene mpweya wokha umapyola madigiri 40 m'nyengo yotentha, mawu awa akukhudzani kawiri.

(Nyimbo pang'ono.)

WOLANKHULA: Tsono mphamvu ya thirakitala imatulukira kuti, ngati siitulukira pa mapayipi? Imatulukira pa kachitsulo ka mizera isanu ndi umodzi kamene kali kumbuyo, pakati pa mikono yonyamulira khasu, kamene tonse timakatcha PTO. Kampani ya International Harvester ya ku America ndiyo idayamba kugulitsa mathirakitala okhala ndi kachitsulo kameneka m'chaka cha 1918, ndipo m'chaka cha 1927 amisiri a kumeneko adapangana za kukula kwake ndi liwiro lake, kuti chipangizo cha kampani ina chizilowa pa thirakitala ya kampani inzake. Lero kamazungulira maulendo 540 pa mphindi. Pa Kubota ija ya akavalo 25, PTO imapereka pafupifupi 20, ndiko kuti kanayi kuposa amene adafika pa mpeni kudzera mu oyilo.

Chifukwa chake ine, munthu akandifunsa za kutchetcha bwalo la mpira, kapena mizere ya pakati pa mitengo ya makademiya, kapena malo aliwonse athyathyathya amene thirakitala ingathe kupondapo, ndimamuuza mosapsatira kuti agule silasha ya shafuti, aleke za oyilo. Ndi yotsika mtengo, mphamvu yotayika m'njira ndi yochepa, ndipo ikawonongeka wowotcherera wa pamsika amaikonza. Ogulitsa ali ndi kamuyeso kawo kakale, koti phazi lililonse la kutambalala kwa silasha, ndiko kuti masentimita 30, limafuna akavalo 5 a pa PTO. Motero akavalo 20 amakwanira silasha ya mapazi anayi, kapena kuti mita imodzi ndi masentimita 20. Kamuyeso komweko kakutiuzanso kuti akavalo 5 a m'mapayipi aja akadangokwanira chotchetchera cha phazi limodzi, chimene chikwakwa chikadachiseka.

Komatu alipo malo amene shafuti singafike, ndipo ndi pamenepo pamene oyilo amaonetsa ulemerero wake, pakuti payipi imapinda pamene chitsulo sichingapinde. Ndikunena za makoma otsetsereka a ngalande za mthirira, za khoma la damu, za tsidya lina la ngalande ya msewu, ndi za mipanda ya mitengo imene iyenera kumetedwa pamwamba ndi m'mbali. A ku Britain, amene minda yawo imalekanitsidwa ndi mipanda yotere, ndiwo adakometsa makina a mkono wautali wopindika, wokhala ndi mipeni kunsonga, ndipo makampani a McConnel ku Ludlow ndi Bomford kufupi ndi Evesham ndi otchuka pa ntchito imeneyi. Chimene ndifuna kuti muchione pa makina awo ndi ichi: ngakhale amamangidwa pa mathirakitala aakulu, ambiri sadalira oyilo wa thirakitala pozunguza mipeni. Amabwera ndi pampu yawoyawo yozunguzidwa ndi PTO, ndi thanki yawoyawo, imene pa makina aakulu imapyola malita 150. Ngati eni ake a nzeruyi adaona kuti nkoyenera kutero pa thirakitala yaikulu, nanga ife a thirakitala yaing'ono tingazembe bwanji?

Njira yake tsono ndi iyi, ndipo walira mvula walira matope, pakuti ili ndi zofunika zake zambiri. Pampu ya magiya, imene ndiyo yopezeka msanga ndi yopirira fumbi, imakondwa ikamazungulira maulendo pafupifupi 2,000 pa mphindi, pamene PTO imangopereka 540. Chifukwa chake pakati pa ziwirizi pamalowa kagiyabokosi kochulukitsa liwiro pafupifupi kanayi, kamene kamavekedwa pa PTO pomwepo ndi kumangidwa ndi tcheni kapena chitsulo ku thupi la thirakitala, kuti kasazungulire pamodzi ndi shafuti ndi kupota mapayipi. Kukula kwa pampu musakusankhe ndi maso, koma ndi masamu omwe aja mowatembenuza. Akavalo 20 ndi makilowati 15; pampu idyapo ake, mutsale ndi 12 ndi theka; ndipo mukafuna pulesha ya 170, malita amene mungayembekeze ndi 44 pa mphindi. Imeneyo ndi pampu yotulutsa masentimita 22 a m'bokosi pa kuzungulira kumodzi, imene ogulitsa amaitcha ya 22 cc. Mukatenga yaikulu kuposa pamenepo poganiza kuti chachikulu ndicho chabwino, injini idzafuka utsi wakuda ndi kuzima mipeni ikangolowa m'udzu. Mota nayo idyapo ake, mapayipi adyapo awo, ndipo pa mpeni padzafika akavalo 13 kapena 14. Ndi ochepa poyerekeza ndi 20 a shafuti, ndipo umenewo ndiwo msonkho wa oyilo. Koma ndi okwanira mutu wotchetchera wosapyola mita imodzi, m'udzu wa chaka chimodzi.

Akavalo 6 kapena 7 otayikawo sapita kumwamba, amasanduka kutentha, ndipo thanki ndiyo iyenera kukusenza. Ambiri amalangiza kuti thanki ya makina oyenda isachepere oyilo amene pampu imatumiza pa mphindi imodzi, ndiye kwa ife isachepere malita 45 kapena 50. Ndipo ngakhale itatero, kwathu kuno ndi nzeru kuikapo kaladiyeta koziziritsa oyilo pa payipi yobwerera, kokhala ndi fani yake. Kaladiyeta kameneka kamatsekeka msanga ndi zinyalala ndi njere za udzu, kotero kuti kukapemerera ndi mpweya m'mawa uliwonse ndi gawo la ntchito, monga kuyang'ana madzi a mu injini. Thanki ikhale pamwamba pa pampu, kuti oyilo azitsikira yekha, ndipo payipi yoyamwira ikhale yaifupi ndi yonenepa kuposa onse, ya mamilimita 32. Yopita ku mota ikhale ya 16, yobwerera ya 19. Pampu yomanidwa oyilo imalira mokhadzula, ndipo amene wamva kulira kumeneko azimitse msanga, pakuti ikudzidya m'kati. Pa payipi yobwerera ikanipo sefa ya mamaikironi 10. Tsitsi la munthu ndi lonenepa mamaikironi pafupifupi 70, ndipo diso siliona chochepera 40. Ndiye kuti fumbi limene limapha pampu ndi lija simungalione, limene limalowa pothira oyilo ndi chigubu cha mafuta ophikira chotsukidwa mwachisawawa, kapena polumikiza payipi imene inagona m'dothi. Oyilo wake akhale wa hayidiroliki weniweni, wa nambala 46 kapena 68, osati wotsala posintha wa mu injini. Ndipo valavu yotetezera isasowe pakati pa pampu ndi mota, chifukwa pampu ya magiya sidziwa kuleka: ikatsekeredwa njira imakankhabe kufikira payipi itaphulika kapena thupi lake litang'ambika.

Pali kanthu kena kamene ngakhale amakaniko odziwa ntchito amakaphonya, chifukwa adazolowera masilinda. Valavu ya silinda, mukabweza chogwirira pakati, imatseka makomo onse awiri nthawi imodzi, kuti khasu likhale m'mwamba osatsika. Koma mipeni yolemera imene ili pa liwiro siima chifukwa choti mwatseka oyilo. Imapitirira kuzungulira, ndipo tsopano ndiyo ikuzunguza mota, mota nisanduka pampu yokankhira oyilo pa khomo lotseka. Pulesha imakwera m'kanthawi kochepa koti valavu yotetezera ya kutali ija singathandize, ndipo chotsatira ndi labala wa pa shafuti ya mota kuphulika, oyilo nkumwazika pa udzu. Mankhwala ake ndi valavu yopangidwira mota, imene pakati pake imasiya oyilo kubwerera ku thanki, kapena kavalavu kolola oyilo kupita mbali imodzi yokha, koikidwa pakati pa mapayipi awiri a mota, kuti oyilo azizungulira momwemo kufikira mipeni itaima mwa iyo yokha. Mota zina zili ndi kapayipi kachitatu kakang'ono, kotulutsira oyilo amene amadontha m'kati mwake. Kameneka kapite kokha ku thanki, osadutsa pa valavu iliyonse, ndipo amene amakatseka ndi bawuti poganiza kuti ndi kosafunika adzagula mota ina sabata isanathe.

Kuti ndisaoneke wotsutsa zonse, ndinene kuti ulipo mtundu umodzi wa chotchetchera umene oyilo wa thirakitala yaing'ono angathe kuuyendetsa. Ndi uja wa mano ambiri ondandalikana pa chitsulo chachitali, amene amapita uku ndi uku nadula udzu mometa, osati momenya. Popeza sufuna liwiro lalikulu, malita 20 amakwanira waung'ono wake, ndipo pometa mpanda kapena podula udzu wouma wa ng'ombe umagwira ntchito yaukhondo. Koma sukondana ndi miyala, zitsa ndi zulu za chiswe. Amene asankha njira imeneyi aonetsetse kuti oyilo wochokera ku mota akubwerera molunjika m'thupi la thirakitala pa payipi yonenepa, osapanikizika pa timabowo tija, ndipo afunse kwa wogulitsa thirakitala ngati valavu yake idapangidwa kuti ikhale yotseguka nthawi yaitali. Chizolowezi chomanga chogwirira ndi mphira kuti chisabwerere ndi choipa, pakuti tsiku limene mudzafune kuimitsa mipeni mwadzidzidzi mudzayamba kulimbana ndi mfundo.

Tsopano ndilankhule za moyo wa munthu, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi. Mkono wautali wokhala ndi mutu wolemera kunsonga umakoka thirakitala yaing'ono kuti igwere mbali imeneyo, makamaka pa khoma la ngalande pamene dothi lafewa ndi mvula. Chifukwa chake musapyole kulemera kumene buku la thirakitala likuloleza, tanthalitsani matayala ngati amatheka, ikani zolemetsa kutsogolo ndi ku mbali inayo, ndipo chitsulo chotetezera woyendetsa thirakitala ikagubuduka chisachotsedwe, lamba naye amangidwe. Mipeni imaponya miyala patali, kotero kuti mabuku ambiri a makinawa amalamula kuti anthu akhale kutali mamita 90. Pafupi ndi sukulu, tchetchani ana ali m'kalasi kapena ataweruka. PTO nayo, pa maulendo 540 pa mphindi, imazungulira kasanu ndi kanayi pa sekondi imodzi, ndipo ikagwira mpendero wa chitenje kapena mkono wa ovolosi, munthu amakhala atakulungidwa kale asanakuwe. Chivindikiro chake chikhalepo nthawi zonse, ndipo pasapezeke wotsika pa mpando injini isanazime ndi mipeni isanaime.

Ngozi imene anthu saidziwa kwenikweni ndi ya payipi yoboola. Payipi ikachita kabowo kakang'ono ngati ka singano, oyilo amatuluka mowonda koti diso silimuona bwino, ndipo mmisiri, pofuna kupeza podontha, amayendetsa chala pa payipiyo. Pulesha ya bar 7 yokha ndi yokwanira kulowetsa oyilo pansi pa khungu, ndipo ife tikunena za 170. Wolasidwayo amamva ngati walumidwa ndi njuchi, aona kadontho kofiira, napukuta ndi chiguduli nkupitiriza ntchito. Koma oyilo walowa kale, akuyenda motsata mitsempha ya chala kulowera m'chikhatho, akupha minofu, ndipo pofika mawa dzanja latupa ndi kuda. Ambiri adataya zala, ena dzanja lathunthu, chifukwa cha kuchedwa kwa tsiku limodzi. Pofufuza podontha gwiritsani chidutswa cha katoni, dzanja likhale kutali. Ndipo musanamasule payipi iliyonse tsitsani makina pansi, zimitsani injini, nimuyendetse chogwirira uku ndi uku kangapo kuti pulesha yotsalira ithe. Koma ngati tsoka lagwa, musathire mankhwala a pabala ndi kudikira, musafinyenso. Pitani ku chipatala chachikulu ola lomwelo, mutanyamula chigubu cha oyiloyo kapena dzina lake, ndipo mukauze adokotala momveka bwino kuti oyilo wa makina walowa m'thupi ndi pulesha, pakuti bala limeneli limaoneka laling'ono kunja, ndipo amene sanauzidwe angathe kungolimanga bandeji ndi kukubwezani kunyumba, pamene lifunika kung'ambidwa ndi kutsukidwa m'kati maola ochepa asanapite.

 

(Nyimbo yotsekera.)